Amene amadziwa njira sapezeka m'nkhani

Anzanga a m'gulu lino, kukwera mapiri kwatchuka. Loweruka m'mawa mukadutsa ku Kawale, ku Biwi kapena ku Area 25 mupeza achinyamata atavala nsapato zothamangira, mabotolo a madzi ali m'manja, akudikira minibasi yopita ku Nkhoma, ku Bunda kapena ku Dedza. Amene thumba lawo lili bwinoko amakafika mpaka ku Mulanje. Madzulo zithunzi ndi nkhani zimadzaza pa Facebook, ndipo zina mwa nkhanizo zimafika muno kuti tiziunike. Sabata ino ndikufuna tione buku limodzi ndi filimu imodzi zokamba za ulendo wa m'phiri la Mulanje, chifukwa zonse ziwiri zikukhudza chinthu chimene chikusowa m'zolemba zathu: munthu woperekeza alendo, uja timangomuti gaidi.

Tiyambe ndi kumene ntchitoyi ili yolemera kwambiri. Kuno kwathu kulibe phiri lokhala ndi madzi oundana chaka chonse. Mu Africa muno ayezi wotereyu watsala pamwamba pa mapiri a Kilimanjaro, Kenya ndi Rwenzori, ndipo akusungunuka: pa Kilimanjaro magawo oposa 80 pa 100 a ayezi amene analipo mu 1912 adatha kale. Kumaiko ozizira monga Iceland ndi Switzerland alendo amalipira kuti ayende pamwamba pa ayeziyo, atavala zitsulo zosongoka kuphazi. Pansi pa chipale chofewa pamabisala ming'alu yozama yoti munthu akagweramo satuluka yekha, choncho moyo wa mlendo umakhala m'manja mwa woperekeza. Pa Kilimanjaro lamulo silola n'komwe kukwera wopanda gaidi wovomerezeka. Komabe mabuku a mbiri amati oyamba kufika pamwamba pa phirili mu 1889 ndi Hans Meyer ndi Ludwig Purtscheller. Anthu akuda amene adawanyamulira katundu ndi kuwalondolera m'nkhalango amatchulidwa mwa apo ndi apo. Chizolowezi chomwechi chidafika ku Mulanje.

Mu 1949 boma la Britain lidatuma Laurens van der Post, mzungu wa ku South Africa, kudzayendera phiri la Mulanje ndi chitunda cha Nyika. Pa ulendowo adalembapo buku lotchedwa Venture to the Interior, limene lidagulidwa kwambiri ku Ulaya. Pakatikati pa bukuli pali imfa ya mnyamata wachizungu woyang'anira nkhalango, Fred France, amene m'bukumo adamupatsa dzina loti Vance. Chiperoni chitagwa, mitsinje idadzaza, ndipo iye adakokoloka poyesa kuwolotsa gulu pa mtsinje wina kumtunda kwa chigwa cha Ruo. Mpaka lero ku Chambe kuli kanyumba kotchedwa dzina lake.

Kunena chilungamo, Van der Post amatha kulemba. Nkhungu ikamatsika m'bukumo, wowerenga umamva kuzizira. Vuto lili pa malo amene adawapatsa anthu a ku Mulanje. Gululo linali ndi amtengatenga ambiri, anthu amene adakulira m'tsinde mwa phirilo, odziwa kuti chiperoni chikayamba mtsinje uti suwolokeka. Wolemba amatha masamba ambiri akufotokoza nkhawa za mumtima mwake ndi malodza amene ankawaona, pamene amtengatengawo amangooneka ngati mzera wa mitu yosenza katundu. Iwo ankaganiza chiyani za ulendo wa tsiku limenelo? Bukulo silifunsa. Limajambulanso Mulanje ngati malo osadziwika, chonsecho anthu ankacheka kale matabwa a mkungudza pamwambapo n'kumatsika nawo pamutu m'njira zodziwika bwino. Mu 2001 J.D.F. Jones adatulutsa mbiri ya moyo wa Van der Post yoonetsa kuti mkuluyu ankakonda kukometsera nkhani zake kuti iye aoneke ngwazi. Ukawerenga Venture to the Interior mosamala, sudabwa.

Filimu ija ndi Gabriel and the Mountain, ya mu 2017, yokonzedwa ndi Fellipe Barbosa wa ku Brazil. Ikufotokoza masiku 70 omaliza a mnzake wa paubwana, Gabriel Buchmann, wophunzira za chuma amene adayenda ku Kenya, Tanzania, Zambia ndi Malawi mu 2009. Ku Tanzania timamuona akukwera Kilimanjaro ndi gaidi, akulimbana ndi kuzizira ndi kuchepa kwa mpweya. Atafika ku Mulanje anali pa changu. Adasiya womuperekeza m'munsi n'kulunjika yekha ku Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002. Nyengo idasintha, adasochera, ndipo adafa ndi kuzizira. Mtembo wake udapezeka patadutsa pafupifupi masabata atatu. Akuluakulu adati safunsa adadya phula, koma filimuyi simuweruza mwachipongwe chotero. Imamuonetsa ngati munthu wokonda anthu, wodya nsima m'makomo mwawo, amenenso ankaganiza kuti kukonda anthu n'kokwanira kuti adziwe dziko lawo.

Chimene Barbosa adachita bwino n'chakuti adabwerera m'malo momwe Gabriel adadutsa n'kupempha ambiri mwa anthu amene adakumana naye kuti asewere mbali zawo zomwe. Timamva mawu awo akukumbukira, aliyense m'njira yake. Filimu imayamba ndi amuna awiri a ku Mulanje akumweta udzu m'phiri, ndipo ndi iwo amene akupeza mtembowo. Kamera imakhala nawo nthawi yaitali osathamangira kwa mzungu. Apa pokha Barbosa waposa Van der Post kutali.

Koma nayenso ali ndi malire. Woperekeza aliyense amalowa m'filimu Gabriel akafika, n'kutuluka Gabriel akachoka. Sitipita naye kunyumba. Sitiona usiku umene gaidi adatsika phiri wopanda mlendo wake, mafunso amene adakumana nawo, kapena mmene anzake pa Likhubula ankamuyang'anira mawa lake. Imeneyo ndiye nkhani yolemera, ndipo munthu wa ku Rio de Janeiro sangatilembere.

Ndiye tifike kwa ife. Nkhani zambiri za maulendo zimene zimatuluka m'magulu athu zimayenda chimodzimodzi: tinanyamuka m'mamawa, tinatopa, ndinatsala pang'ono kubwerera, tinagonjetsa phiri, moyo ulinso ngati phiri, basi. Mawu oti kugonjetsawo tidawatola m'timapepala totsatsa malonda a zokopa alendo. Phiri limene mayi amakwera kawiri pa sabata kukatola nkhuni, iwe wa ku Area 23 waligonjetsa bwanji? Ndipo mnyamata amene anakutsogolera, anakunyamulira chikwama, anakugwira dzanja pa thanthwe loterera, amapezeka m'chiganizo chimodzi, nthawi zambiri chodandaula kuti amatchaja ndalama zambiri. Tasanduka a Van der Post a ku Chinsapo, kusiyana kwake khungu lokha.

Chonsecho zolemba zili mbwee. Pa Likhubula pali magaidi ndi mapota amene amasinthana alendo motsata mndandanda, ndipo wina amatha masiku akudikira nthawi yake. Pali mpikisano wa chaka ndi chaka wa Porters' Race, umene udayamba ngati wa mapota okhaokha, momwe anthu amathamanga m'maola ochepa mtunda umene mlendo amayenda tsiku lonse. Pali osamala tinyumba togona alendo ku Chambe, Lichenya, Thuchila ndi Chisepo, amene amakhala pamwambapo masiku ambiri kutali ndi mabanja awo. Pali gaidi amene amauza mzungu za mizimu ya ku Sapitwa ndi za Dziwe la Nkhalamba m'Chingerezi chosekerera, koma mumtima mwake nkhanizo sazitenga ngati nthabwala. Pali amene adaona Napolo wa ku Phalombe mu 1991 ndi namondwe wa Freddy mu 2023, amene angakuuze kuti njira iyi idasamuka liti ndipo chifukwa chiyani. Mkungudza umene Van der Post adauona watsala pang'ono kutheratu, ndipo ena mwa odziwa kumene unali ndi ana a anthu amene ankaucheka.

Sindikunena kuti tisiye kulemba za kutopa kwathu. Ndikunena kuti nkhani ya ulendo imalimba wolemba akavomereza kuti m'phirimo wodziwa si iyeyo. Mukapita ku Nkhoma kapena ku Mulanje ulendo ukubwerawu, yendani pafupi ndi woperekezayo. Mufunseni tsiku limene adachita mantha, mlendo amene adakana kumumvera, chimene amayang'ana kumitambo asananene kuti tibwerere. Mupempheni chilolezo musanalembe, ndipo mumulipire zonse zimene mudagwirizana. Amene waonera filimu ya Barbosa kapena kuwerenga buku la Van der Post atiuze ngati akuona mosiyana, tikambirane.