Berlin yobwereka

Loweruka anzanga awiri ananditumizira gemu ya chess yomwe anasewera pa Lichess kuti ndiione. Analepherana pa move ya 22, atachita kugwirizana. Iwo akuti inali gemu yaukhondo. Ine ndikuti inali ya mantha.

Anayamba ndi Berlin Defence: 1.e4 e5 2.Nf3 Nc6 3.Bb5 Nf6. Pofika move ya 8 ma queen onse awiri anali atachoka pabolodi, ndipo mfumu yakuda inali pa d8, yosathanso kupanga castle. Mpaka apa palibe cholakwa, ndi momwe bukhu limanenera. Anachita kuloweza pa YouTube, ndikudziwa.

Koma taonani zomwe zimatsala pabolodi. Woyera amakhala ndi ma pawn anayi kumbali ya mfumu pomwe mnzake ali ndi atatu, ndiye ntchito yake ndi kuwakankha mpaka mmodzi adutse. Wakuda ali ndi ma bishop awiri, koma ma pawn ake awiri asanjikizana pa mzere wa c. Aliyense ali ndi poluma. Nkhondo imayambira pamenepa.

Anzangawa m'pomwe anathera. Woyera sanakhudze pawn ya f ngakhale kamodzi. Wakuda anangosinthanitsa bishop wake ndi hatchi popanda chifukwa, n'kutaya chuma chokhacho chomwe anali nacho. Kenako ma rook uku ndi uku, basi, n'kupatsana draw.

Mmodzi anandiyankha kuti ngakhale Kramnik ankatero. Zoona, mu 2000 ku London, Vladimir Kramnik anatchinga Garry Kasparov ndi Berlin yomweyi, magemu onse a Berlin n'kuthera polepherana. Koma Kramnik ankadziwa chomwe draw ikumugulira. Ankapulumuka ndi zakuda n'kumaluma ndi zoyera. Pa magemu 15 anapambana awiri, sanagonje ngakhale imodzi, ndipo anatenga ukatswiri wa dziko lonse. Nanga anzangawa ankateteza chiyani? Rating ya pafoni?

Zimandikumbutsa ndakatulo zina zomwe timalemba achinyamatafe: mzere woyamba wokongola, wotengera kwa akuluakulu, kenako wolemba n'kuopa kunena zake. Chiyambi ungathe kubwereka, koma pakati pa gemu pamafunika iwe mwini.

Sindikudana ndi draw. Ilipo ina yomwe mumafika mutatsala mafumu okhaokha, thukuta lili kamukamu. Imeneyo ndimaivulira chipewa. Ndawauza abwereze gemuyi kuyambira pa move ya 9, ndipo batani la draw asaligwire.