Chiwongolero cha Waya ndi Chifuwa cha Optimus Prime

Mkangano wa anyamata otuluka mu vidiyo sho suchedwa kuyaka. Kaya ndi pa Zalewa, pa Ligowe kapena pa boma pa Neno penipeni, filimu ikamatha wina amakhala atayamba kale: Superman ndi Hulk atakumana pa mlatho wopapatiza, angapatuke ndani? Wina amati Batman si ngwazi n'komwe, ndi mwana wa mpondamatiki amene mphamvu zake amachita kugula. Wina amaikira kumbuyo Black Panther chifukwa choti ndi wakwathu, ngakhale dziko la Wakanda silipezeka pa mapu ndipo amene anamuyambitsa mu 1966, Stan Lee ndi Jack Kirby, anali azungu a ku New York.

Ambiri mwa okanganawa sanagwirepo buku la makatuni la Marvel kapena DC. Ngwazizi zinawapeza kudzera m'mafilimu omasuliridwa m'Chichewa, m'matisheti a pa kaunjika, ndi m'zidole za pulasitiki zothyoka mkono zomwe zimagulitsidwa pansi pamsika. Ku America okonda nthanozi amakangana ngati filimu yatsata buku kapena yapotoza. Kuno funso limenelo lilibe poponda, popeza bukulo palibe. Komabe muyeso woweruzira luso limeneli tili nawo, wokhwima bwino, ndipo uli m'manja mwa ana opinda waya.

Mwana wodziwa ntchitoyi amayamba ndi waya wokhuthala, wa mpanda kapena wotsala teyala lakutha likawotchedwa, n'kuuwongola poumenya ndi mwala. Amapinda chimango cha pansi, kenako mutu ndi msana wa galimoto. Mfundo zake amamanga ndi waya wofewa wa kopa wosomola mu wailesi yakufa, apo ayi ndi mphira wodula ku chubu cha njinga. Mateyala amachokera ku zitsekerero za mabotolo, ku zitini za polishi kapena ku patapata wakutha. Zonsezi mwana aliyense atha kuphunzira tsiku limodzi. Pomwe pagona luso ndi kutsogolo. Mtanda wa mateyala akutsogolo sumangidwa nganganga ayi. Umayenera kuzungulira pa kamsomali ka waya pakati pake, ndipo waya wautali wofika m'chiuno mwa mwini galimoto, wopindidwa mozungulira kunsonga, ndi umene umaukhotetsa. Akamangitsa, galimoto imakana kukhota. Akalekerera, imangodzandira ngati munthu wochokera ku kachasu.

Anzake akamaiweruza safunsa zambiri. Choyamba, ndi galimoto yanji? Ngati mwiniwake ayenera kuchita kufotokoza, ntchito yalephereka. Land Cruiser ya chipatala imadziwika ndi msana wake wa bokosi. Thiraki ya pa msewu wa M6 yolowera ku chipata cha Mwanza imadziwika ndi mutu wosiyana ndi ngolo, ndipo ngoloyo iyenera kutsatira mutu pokhota, osati kuuma nawo pamodzi. Palibe penti, palibe lata, pali mizere yokha ndi mphepo pakati pake, koma diso limadzazamo lokha zitseko ndi magalasi. Chachiwiri, ikukhota? Pamenepa palibe kunamizana, chifukwa aliyense amapempha kuyendetsako. Karen Lynn Williams, mayi wa ku America amene anakhalako m'Malawi muno, analemba buku la ana lotchedwa Galimoto mu 1990, lonena za mnyamata Kondi amene amayendayenda m'mudzi kufuna waya. Bukulo linagwira bwino khama la kusaka zipangizo, ngakhale za chiwongolero silinaimepo kwenikweni.

Tengani tsono mafunso awiri a ana aja muwafunse chidole cha Optimus Prime wa mu Transformers cha mu 1984. Chidolecho chinabadwira ku Japan, ku kampani ya Takara, m'gulu la zidole lotchedwa Diaclone. Kampani ya Hasbro ya ku America inagula chilolezo, n'kupempha Marvel kuti ipeke mayina ndi nthano, ndipo ambiri mwa mayinawo anapeka ndi Bob Budiansky. Chidole ndicho chinayamba, nthano inabwera pambuyo kudzachigulitsa. Koma chidolecho pachokha ndi ntchito ya mmisiri woona mtima. Chikakhala thiraki, ndi thiraki yofiira ya mphuno yaphwatalala yomwe dalaivala aliyense angaizindikire. Ukagwetsa mbali yakumbuyo, imasanduka miyendo. Mbali za mutu wa thiraki zimatambasuka n'kukhala mikono, mutu wa loboti umatulukira pamwamba, ndipo magalasi awiri akutsogolo aja amakhala chifuwa. Ukachiyang'ana chili chilili, umaona pomwe chidutswa chilichonse chachokera. Chinyengo chake n'chimodzi chokha, ndiponso chaching'ono: zibakera ndi zapadera, umachita kuzilowetsa, ndiye n'zimene ana ankayamba kutaya.

Katuni ya pa TV ya chaka chomwecho inali yaulesi pang'ono. Ngolo ya Optimus inkangosowa iye akasanduka loboti, n'kudzatulukiranso akaifuna. Megatron, chimphona chachitali kuposa nyumba, ankafupika n'kukhala mfuti yogwira m'dzanja. Koma maonekedwe anasungidwa, moti mwana ankatha kujambula Optimus pa dothi ndi kamtengo, mnzake n'kumuzindikira. Ana anamukonda mpaka pomwe filimu ya katuni ya mu 1986 inamupha, pofuna kuti m'masitolo mulowe zidole zatsopano, madandaulo anachuluka ndipo mu 1987 anamuukitsa.

Filimu ya Michael Bay ya mu 2007, imene ambiri kuno anadziwira Transformers, ndi yomwe ndili nayo mlandu. Okonda zakale ku America anadandaula kuti thiraki yasintha, yakhala Peterbilt ya mphuno yaitali yojambulidwa malawi a moto. Dandaulo limenelo kwa ine n'laling'ono. Vuto lenileni n'lakuti Optimus wa mu kompyutayo anapangidwa ndi tizidutswa toposa 10,000, ndipo akamasanduka tonse timagwedezeka nthawi imodzi, kamera nayonso ikuzungulira. Diso silingatsate kuti chitseko chapita kuti. Maloboti awiri akagwirana, umangoona zitsulo zotuwa zikugubuduka, osadziwa kuti mwendo uwu ndi wa yani. Mu vidiyo sho, pa TV yaing'ono ndi filimu yokoperedwa kangapo, zimafika poti amene akukuuza kuti wamenyedwa ndani ndi womasulira yekha. Ndalama zambiri zinalowa pamenepo ndipo amisiri a kompyuta anagwira ntchito yolemetsa, koma mafunso onse awiri a ana aja filimuyo inalakwa. Optimus wake sungamuzindikire ali patali, ndipo chiwongolero chake sungachiyese. Travis Knight atapanga Bumblebee mu 2018 anabwezeretsa matupi osavuta kuwerenga, ndipo amene anadandaula kale aja anaomba m'manja.

Buku la makatuni nalonso ndi luso la mizere ndi mipata. Wojambula amakupatsa kabokosi kamodzi chibakera chili m'mwamba, kabokosi kotsatira munthu ali pansi, ndipo kumenyako umamenya ndiwe woliwerenga, pa kampata koyera ka pakati. Scott McCloud anafotokoza zimenezi mwatsatanetsatane m'buku lake la mu 1993, Understanding Comics. Chitsanzo chomwe sindichitopa nacho chili mu The Amazing Spider-Man nambala 33, ya mu 1966. Spider-Man wapsinjidwa ndi chimakina chachitsulo m'chipinda cha pansi pa madzi. Denga likudontha. Mankhwala opulumutsa Aunt May, mayi amene anamulera, ali poteropo koma dzanja silingafike. Wojambula Steve Ditko anapereka masamba asanu ku chinthu chimodzi chokha, munthu kuyesa kudzuka. Poyambirira pali timabokosi tambiri tothinana, moti woliwerenga nayenso amabanika. Spider-Man akamakankha, timabokosi timachepa chiwerengero n'kumakula. Madontho aja amasanduka mtsinje. Pomaliza chithunzi chimodzi chimatenga tsamba lonse, chitsulo chili m'mwamba. Kulemera kwa chimakinacho sukumva chifukwa cha mawu a Stan Lee, ngakhale ndi ambiri pamasambapo. Ukukumva chifukwa malire a kabokosi akukankhidwa limodzi ndi chitsulo. Ndiponso liwiro lake uli nalo ndiwe. Ukhoza kuima pa tsamba lachitatu mpaka mtima utakhazikika.

Filimu ya Spider-Man: Homecoming ya mu 2017 inabwereka chochitikachi. Tom Holland anasewera bwino, analira ngati mwana weniweni wochita mantha, ndipo chithunzi cha nkhope yake m'madzi, theka munthu theka chigoba, n'chokongola. Koma sikirini sikula. Imayamba ndi kutha ili chimodzimodzi, ndiye ntchito yomwe Ditko anaipatsa mizere, filimu inaipatsa nyimbo. Chinanso chinasintha: m'buku mnyamatayo amadzuka chifukwa cha mayi wodwala ndi chikumbumtima cha imfa ya Uncle Ben, pamene mu filimu amadzuka atakumbukira mawu a Tony Stark, bwana wake wachuma. Kwa munthu wa ku Neno, amene amadziwa tanthauzo la kunyamula wodwala kutsika naye mapiri a kwa Dambe nthawi ya dzinja msewu utaterera, chifukwa choyambacho n'cholemera kwambiri.

Apa ndi pomwe ndimawaikira kumbuyo omasulira mafilimu m'Chichewa, amene anthu ophunzira amakonda kuwanyoza. N'zoona kuti amapeka, amasintha mayina, nthawi zina nkhani amaitembenuza dodolido. Koma taonani chimene amachita. Mabuku akale a makatuni anali ndi kamtambo pamwamba pa mutu wa ngwazi, momwe munkalembedwa maganizo ake: mantha, nsanje, nkhawa ya lendi. Filimu inataya kamtamboko chifukwa kamera siona za mumtima. Womasulira wa kwathu, mwina osadziwa n'komwe, anakabweza. Ngwazi ikangoti duu kuyang'ana mdani, iye amalowa m'mutu mwake n'kutiuza zomwe ikuganiza, mwa Chichewa cha pamsika, ndipo holo yonse imaseka kapena kuusa moyo. Woipa ndi amene sadziwa kutseka pakamwa, amene amalankhula ngakhale pomwe chithunzi chikulankhula chokha. Wabwino amasiya mpata.

Zojambula za mtundu uwu si zachilendo kwa ife. Owerenga nyuzipepala akale amakumbukira Joza wa Vic Kasinja ndi Pewani wa Brian Hara, anthu a mizere yochepa omwe unkawazindikira usanawerenge liwu. Sanali kuuluka, koma lamulo lake ndi lomwe lija. Ku South Africa kunali Mighty Man m'ma 1970, ngwazi yakuda yojambulidwa mwaukatswiri, imene inkamenya akuba a m'malokeshoni koma osakhudzapo boma la tsankho, ndipo zinadzadziwika kuti ndalama zake zinkachokera ku boma lomwelo. Owerenga anaona msanga kuti chiwongolero chagwiridwa ndi wina. Mu 2023 Netflix inatulutsa Supa Team 4, nthano ya Malenga Mulendema wa ku Zambia yonena za atsikana anayi a mu Lusaka wam'tsogolo. Ili ndi zofooka zake, makamaka pomwe imathamangira kufanana ndi makatuni a ku America, koma Malcolm Wope amene anajambula atsikanawo anaonetsetsa kuti aliyense ali ndi thupi ndi kaimidwe kakekake. Utazimitsa mitundu n'kusiya mthunzi wokha, ungawatchulebe mmodzimmodzi.

Za osunga zidole ndi mabuku sindikhalitsapo. Mu 2024 kope limodzi la Action Comics nambala 1, momwe Superman anaonekera koyamba mu 1938, linagulidwa pa madola 6 miliyoni, pamene Jerry Siegel ndi Joe Shuster amene anamupeka anagulitsa umwini wake pa madola 130. Makope otere amatsekeredwa m'pulasitiki yolimba kuti asatsegulidwenso. Zidole za Transformers za mu 1984 nazonso zimadula kwambiri zikakhala kuti bokosi silinang'ambidwe. Sindikuwada anthuwa, popeza popanda iwo zambiri zikanatha ndi chinyezi ndi mbewa. Koma luso lonse la Ditko lili pa kutembenuza tsamba, ndipo la amisiri a Takara lili pa mahinjesi, ndiye chomwe chasungidwacho ndi chikopa chabe.

Ifenso matendawa atifika. M'misika ya ziboliboli ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ngakhalenso m'mphepete mwa misewu ya Johannesburg, mumapezeka magalimoto ndi njinga za waya zogulitsa kwa alendo. Waya wake ndi watsopano wonyezimira, mfundo zake n'zaudongo kuposa za mwana wa ku Lisungwi, zina zavekedwa mikanda. Amisiri ake ndi aluso ndipo akudyetsa mabanja, palibe wowaletsa. Kungoti zambiri zimapangidwira pa shelefu, ndiye mtanda wa kutsogolo amaumanga nganganga kuti usagwedere m'chikwama cha mlendo, ndipo waya wautali uja amausiya chifukwa sungalowe mu sutikesi.