Dokotala wa ku Fallujah ndi Anthu Amene Buku Lake Lidawasiya Panja

Chipolopolo chikadula mtsempha waukulu wa pantchafu, munthu amatha kufa mphindi zisanu zisanathe. Buku lonse la On Call in Hell laima pa mfundo imeneyi. Adalilemba ndi Richard Jadick, dokotala wa asilikali a ku America, mothandizana ndi mtolankhani Thomas Hayden, ndipo lidatuluka mu 2007. Ndalimaliza sabata ino, ndiye ndati tikambirane. Ndi buku londigwira mtima, koma lili ndi pena pomwe landisiya ndi njala, ndipo ponseponse ndipanena.

Tiyambe ndi mwini nkhaniyo. Jadick adayamba usilikali asanakhale dokotala. Adali ofisala woona za mauthenga m'gulu la Marines, kenako adapita kusukulu ya udokotala atakula kale. Gulu la Marines lilibe madokotala akeake, limabwereka ku gulu la asilikali apamadzi la Navy, ndipo umu ndi momwe iye adabwererera kwa anzake akale. Mu 2004, ali ndi zaka 38, adadzipereka kupita ku Iraq ndi gulu la 1st Battalion, 8th Marines. Adanyamuka mwana wake wamkazi atangobadwa kumene. Mu Novembala chaka chomwecho gululo lidalowa mumzinda wa Fallujah, m'nkhondo ya nyumba ndi nyumba yomwe idapha asilikali a America oposa 90.

Mwa dongosolo la nthawi zonse, dokotala wa gulu lotere amakhala kumbuyo, kutali ndi zipolopolo, kudikira kuti ovulala amupeze. Jadick adawerengera mtunda ndi mphindi, n'kuona kuti ambiri adzafika kwa iye atatha kale magazi. Adapempha akuluakulu ake kuti asamutsire malo othandizira ovulala mkati mwenimweni mwa mzindawo, pa mpanda wa maofesi a boma, ndipo adamulola. Mkulu wina wa gululo adayerekeza pambuyo pake kuti pakadapanda ganizo limeneli, asilikali ena pafupifupi 30 akadafa. Jadick adalandira mendulo ya Bronze Star yokhala ndi chilembo cha V, chomwe chimapatsidwa chifukwa cha kulimba mtima pankhondo, ndipo mu 2006 magazini ya Newsweek idamuika pachikuto ngati ngwazi.

Ganizo lakeli silidali lachilendo m'mbiri. Dominique Jean Larrey, dokotala wa asilikali a Napoleon, adayambitsa ngolo zopepuka zokokedwa ndi akavalo zomwe zinkathamangira ovulala nkhondo ili mkati, m'malo modikira kuti kuche. Kafukufuku wa masiku ano akumuvomereza. Mu 2012 Brian Eastridge ndi anzake adasanthula imfa 4,596 za asilikali a America ku Iraq ndi Afghanistan kuyambira 2001 mpaka 2011. Adapeza kuti pafupifupi 87 mwa 100 alionse adafa asanafike pachipatala, ndipo mwa amenewa, mmodzi mwa anayi alionse adali ndi mabala oti akadatha kupulumuka nawo. Chidawapha ambiri mwa oterewa ndi kutaya magazi basi.

Chomwe bukuli lachita bwino kwambiri ndi kutionetsa kuti utsogoleri wa dokotala wa asilikali umayambira kutali, nkhondo isanayambe. Tangoganizani: dokotala alibe ulamuliro pa galimoto zankhondo, pa misewu, kapena pa malo omwe gulu likhale. Zonsezi zili m'manja mwa mkulu wankhondo. Kuti ambulansi yokutidwa ndi zitsulo ilowe mumzinda momwe mukuwomberedwa, pafunika munthu wodziwa kulankhula ndi akuluakuluwo m'chiyankhulo chawo, cha mapu ndi mtunda ndi chitetezo. Jadick adatha kutero chifukwa adali atavalapo nsapato zawo. Zaka zake za ku Marines, zomwe wina akadati zidamuchedwetsa udokotala, ndizo zidamupatsa khutu la akuluakulu pa tsiku lofunika. Kwa ife achinyamata amene timadandaula kuti njira yathu ya ntchito ikukhotakhota, apa pali chotola.

Chachiwiri, Jadick sabisa kuti manja ambiri omwe adagwira mabala adali a anyamata otchedwa corpsmen, asilikali apamadzi ophunzitsidwa chithandizo choyamba omwe amayenda limodzi ndi omenya nkhondo. Ambiri amakhala a msinkhu wa anzathu omwe angomaliza Fomu 4 chaka chatha kapena dzana. Masamba omwe akuwakamba iwowa, mantha awo, nthabwala zawo zopanda ulemu, kutopa kwawo, ndiwo adandikoma kuposa onse. Pamenepo wolemba amaiwala kuti ndi ngwazi, amangokhala mkulu amene akuda nkhawa ndi ana ake. Mutu umodzi susenza denga, ndipo bukuli likakumbukira zimenezi limakwera.

Kalembedwe kake n'kosavuta. Ziganizo n'zachindunji, ngati munthu akukufotokozera pakhonde madzulo. Mukudziwa kale vuto la mabuku olembedwa ndi anthu awiri: nthawi zina umamva kuti apa akulankhula ndi mtolankhani, akusalaza zomwe mwini wake akadazinena mokhakhala. Mitu yokamba za ubwana ndi sukulu imayenda pang'onopang'ono, ndipo owerenga pafoni mudzayesedwa kuidumpha. Musaidumphe yonse ayi, chifukwa ndi momwe muli chinsinsi cha zomwe adachita ku Fallujah.

Tsopano ku zondivuta, ndipo ndi ziwiri.

Choyamba ndi nkhani ya ungwaziyi. Nthano ya ngwazi imafuna munthu mmodzi, tsiku limodzi, ganizo limodzi lolimba mtima. Imakoma kuwerenga, koma imatiphunzitsa molakwika za momwe miyoyo imapulumukira pankhondo. Taonani moyo wa Robert Mabry. Ambiri tidaonera filimu ya Black Hawk Down m'mavidiyo sho. Mabry adaliko ku Mogadishu mu Okutobala 1993, ngati msilikali wopereka chithandizo choyamba. Pa nkhondo ija asilikali 18 a America adafa, mmodzi mwa iwo Jamie Smith, amene adatha magazi pang'onopang'ono usiku chifukwa cha bala la kumtunda kwa ntchafu. Mabry adapita kusukulu, n'kukhala dokotala wa matenda ndi ngozi zadzidzidzi m'gulu lankhondo lomwelo, ndipo zaka zambiri adazithera powerenga mafayilo a ovulala. Mu 2012 iye ndi anzake adafalitsa zomwe adapeza ku Afghanistan: mwa ovulala kwambiri omwe adanyamulidwa pa helikopita ndi achipatala ophunzira mozama, 8 mwa 100 alionse adafa m'maola 48 oyamba, pomwe mwa onyamulidwa ndi ophunzira zoyambira zokha adafa 15. Gulu lankhondo lidakweza maphunziro a achipatala a m'helikopita.

Palinso Frank Butler, dokotala wa maso amene kale adali msilikali wa Navy SEALs. Mu 1996 iye ndi anzake adalemba malangizo atsopano othandizira ovulala pankhondo, omwe adabwezeretsa ulemu wa tourniquet, lamba womanga mwamphamvu kumtunda kwa bala kuti magazi aleke. Kwa zaka zambiri madokotala ankaopa lambayu poganiza kuti amadulitsa miyendo. Gulu la 75th Ranger Regiment lidatenga malangizowo n'kuphunzitsa msilikali aliyense, osati achipatala okha, ndipo udindowo lidaupereka kwa akuluakulu ankhondo. Pakati pa 2001 ndi 2010 gululi lidali ndi ovulala 419, adafa 32, ndipo palibe amene adafera panjira ndi bala loti chithandizo choyamba chikadaliletsa.

Ndiye funso langa n'lakuti: utsogoleri waukulu ndi uti apa? Wa munthu amene adathamangira kumoto sabata ziwiri, kapena wa amene adakhala zaka khumi akukangana m'misonkhano kuti lamulo lisinthe? Ine sindikuchepetsa Jadick, ndipo mabanja a anthu omwe adawapulumutsa sangandikhululukire nditatero. Koma bukuli, ndi chikuto cha magazini chija, zimakokera maso athu ku mtundu umodzi wokha wa kulimba mtima. Zimadutsanso mofulumira pa mtengo wa ganizolo. Dokotala akafa, gulu lonse limatsala pamtetete. Zimenezi si zongoganizira: mu Malichi 2004, Mark Taylor, dokotala wa maopaleshoni wa asilikali a America, adaphedwa pafupi ndi Fallujah yemweyo, ndipo Atul Gawande adalemba za iye m'buku la Better. Jadick adabetcha ndipo adapambana. Akadagwa tsiku loyamba, kodi bwenzi tikuwerenga za ngwazi kapena za munthu wosamvera dongosolo? Buku lolimba mtima kwenikweni likadakhala pa funso limeneli kwa nthawi yaitali.

Chachiwiri n'cholemera kuposa apa. Fallujah udali mzinda wa anthu pafupifupi 300,000. Ambiri adathawa nkhondo isanayambe, koma ena adatsala: okalamba, osauka, odwala. Chimodzi mwa zinthu zoyamba zomwe asilikali a America ndi a boma la Iraq adachita pa 7 Novembala chidali kulanda chipatala chachikulu cha mzindawo, kutsidya kwa mtsinje wa Euphrates. Patapita masiku, galimoto za bungwe la Red Crescent zonyamula thandizo zidafika pachipatalacho koma sizidaloledwe kulowa mumzinda. Anthu wamba mazanamazana adafa. M'bukuli, anthu a ku Iraq amangodutsa ngati zithunzithunzi. Amene ali ndi maina, makolo ndi midzi yakwawo ndi a ku America.

Wina ati, nanga munthu alembe zomwe sadaone? Zoonadi, mbiri ya moyo wa munthu si lipoti la dziko lonse. Koma wolemba uyu ndi dokotala, ndipo udokotala wa usilikali uli ndi mabwana awiri. Mwambi wa nthambi ya zachipatala ya asilikali apamtunda a America umakamba zosunga mphamvu zomenyera nkhondo. Pangano la ku Geneva la 1949 likuti wovulala athandizidwe potengera kukula kwa bala lake basi, posayang'ana mbali yomwe akumenyera. Dokotala wa asilikali amagona ndi malamulo awiriwa tsiku lililonse. Larrey uja ankathandiza ndi adani omwe, moti mbiri imati atagwidwa ndi asilikali a Prussia ku Waterloo mu 1815, adapulumuka kuphedwa chifukwa adali atapulumutsapo mwana wa mkulu wawo, Blücher. Ndimafuna kumva Jadick akulimbana ndi mfundo yoti mphindi zisanu zomwe zidamuvutitsa chifukwa cha anyamata ake zinkathanso kwa mayi wina kuseri kwa khoma lomwelo, amene chipatala chake chidali chitatsekeka kwa iye. Munthu amene adamvetsa bwino chonchi za mtunda ndi magazi adali woyenera kuposa aliyense kutiuza zimenezi. Pa tsamba, sadafikepo mokwanira.

Mwina mukufunsa kuti ife nkhani za Marines zikutikhudza bwanji. Asilikali athu akhala akugwira ntchito yosungitsa mtendere kum'mawa kwa DRC. Mu Novembala 2018, pafupi ndi Beni, Private Chancy Chitete wa Malawi Defence Force adakokera pamalo obisika msilikali mnzake wa ku Tanzania amene adavulala, ndipo adawomberedwa akumupatsa chithandizo choyamba. Mnzakeyo adapulumuka, Chitete adamwalira. Mu Meyi 2019 bungwe la United Nations lidamulemekeza ndi mendulo ya Captain Mbaye Diagne. Chitete sadali dokotala. Adali ndendende munthu amene Butler ndi Mabry ankamuganizira: msilikali wamba amene ali pafupi ndi bala m'mphindi zoyamba zija. Nkhani yake ndi ya ungwazi weniweni, komanso imadzutsa mafunso a dongosolo: adaphunzitsidwa chiyani, adanyamula zida zanji, thandizo lidali kutali bwanji? Ndikulakalaka tsiku lomwe dokotala kapena namwino wa asilikali athu adzakhale pansi n'kulemba buku lotere, ngakhale m'Chichewa momwemu, lokhala ndi maina a anzake komanso a anthu a m'midzi ya ku Kivu omwe adawagwira mabala.

Ndiye ndiliwerenge kapena ayi, mukutero? Liwerengeni. Ngati mukuphunzira zaumoyo, kapena mumalota zolowa usilikali, mupezamo chithunzi chosabisa cha zomwe chitsulo chimachita pathupi la munthu, komanso cha momwe mtsogoleri amapezera chikhulupiriro cha akumtunda ndi akumunsi omwe. Koma mukalimaliza, pitani ku mutu wa Gawande wokamba za ovulala pankhondo m'buku la Better, kuti muone mbali ya dongosolo ndi manambala. Kenako funafunani zomwe adalemba kapena kunena madokotala a ku Iraq eni ake za Novembala 2004. On Call in Hell ndi umboni woona wa munthu mmodzi amene adaima pamalo amodzi mumzinda waukulu. Adaona zambiri ndipo wazinena mosabisa. Zomwe zinkachitika kuseri kwa khoma tikazimve kwa amene adali kumeneko.