Mtsikana amene timamupha pa tsamba lomaliza

Mphunzitsi wina wa Chichewa pa sekondale yoyendera kufupi ndi Migowi anandipatsa mulu wa nkhani zimene ana a Fomu 3 analemba. Zinali pa mapepala othothola m'makope, zina zolembedwa ndi bolopeni yofiira poti yabuluu inali itatha. Ndisanafike n'komwe pakati pa muluwo ndinali nditadziwa kale mathero ake. Mtsikana wanzeru m'kalasi akumana ndi mnyamata wa kabaza kapena venda wogula nandolo, alandira sopo ndi foni, atenga pathupi, asiya sukulu, kenaka amwalira pobereka. Ndime yomaliza itembenukira kwa owerenga n'kuwalangiza kuti azimvera makolo.

Anawa sindikuwadzudzula. Analemba zimene tinawazoloweza ife akuluakulu. M'kalasi, nkhani ikangotha, funso loyamba limakhala lakuti phunziro lake n'lotani, choncho mwana amakula akuganiza kuti nkhani ndi thumba lonyamulira malangizo. Maukwati a ana ndi mimba za msanga zilipodi kuno ku Phalombe, ndipo sikuti Nyumba ya Malamulo inkasewera pamene inasintha malamulo aakulu a dziko mu 2017 kuti munthu asakwatiwe asanakwanitse zaka 18. Koma mtsikana wa zaka 16 malangizowo anawamva kale kwa anankungwi, kutchalitchi, pa wailesi ndi kwa azakhali ake. Chimene sanachipeze ndi buku lomuyang'ana iyeyo bwinobwino asanamuweruze.

Apa ndi pamene pagona luso. M'nkhani zonse zija palibe imene inandiuza chomwe mtsikanayo ankafuna. Kodi ankafuna foniyo, kapena ankafuna munthu womufunsa kuti waswera bwanji? Kodi mnyamata wa kabazayo ankamuseketsa? Ankayenda mtunda wautali bwanji kupita kusukulu, nanga m'mimba munali chiyani? Wolemba akalumpha mafunso amenewa, mpangankhani wake amasanduka chidole chogwiritsa ntchito poopseza ana, ndipo owerenga samulira akamwalira, chifukwa sanakhalepo ndi moyo chiyambire.

M'mulu muja munali nkhani imodzi imene inandigoneka mochedwa. Mnyamata wina analemba za usiku wa namondwe wa Freddy, mu Malichi 2023. Sanayambe ndi kulongosola za kusintha kwa nyengo. Anayamba ndi agogo ake akukana kutuluka m'nyumba chifukwa mbuzi inali yomangirira pakhonde ndipo chingwe chinali chitafufuma ndi madzi, mfundo osamasuka. Phokoso lochokera kuphiri analiyerekeza ndi malole ambiri otsitsa miyala nthawi imodzi. Patapita masiku, mpangankhani wake anapeza mtondo wa amayi ake m'munda wa eni, utakwiririka theka mumchenga, ndipo anauzindikira ndi mng'alu umene bambo ake anaumanga ndi waya. Anaufukula ndi manja, nausenza. Palibe pamene analemba kuti analira, koma ine ndinaima kaye kuwerenga. Tsoka ilo, pansi pake anawonjezapo ndime yotiuza kuti tisamadule mitengo mwachisawawa. Ndinapempha aphunzitsi aja kuti amuuze aifafanize, nkhaniyo ithere pa mtondo.

Mwana ameneyu ali ndi chuma chimene olemba a m'tauni alibe. Anakulira pansi pa Michesi, phiri limene mu Malichi 1991 linagumuka n'kutsitsa madzi ndi miyala zomwe zinapha anthu mazanamazana. Akuluakulu amati kunadutsa Napolo. Steve Chimombo, yemwe anabadwira ku Zomba kumene Napolo anadutsa mu 1946, anatenga chilombo cha pansi pa phirichi n'kumangapo ndakatulo zake za m'Chingerezi, Napolo Poems, za mu 1987. Koma buku la nkhani yaitali m'Chichewa, lolembera achinyamata, lokhudza mwana wa ku Nkhulambe kapena ku Chiringa amene wadzuka n'kupeza mudzi wasanduka dambo la miyala, ndi lomwe ndimalilakalaka ndikalowa mu laibulale ya sukulu.

Akale athu nawonso ankalangiza, koma aluso mwa iwo ankadziwa kubisa mankhwala m'phala. Nthondo wa Samuel Josiah Ntara, buku la mu 1933 limene T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi kukhala Man of Africa, limathera pa kutembenuka mtima, monga ankafunira amishoni a nthawi imeneyo. Komabe funsani aliyense amene analiwerenga ku sekondale kuti akukumbukira chiyani. Adzakuuzani za Nthondo wakuba, wosamva, wovutitsa mudzi. Ntara anamulola mnyamatayo kuchimwa mokwanira, masamba ambirimbiri, ndipo n'chifukwa chake timamukhulupirira. Mu Sikusinja ndi Gwenembe, John Gwengwe saima pachulu kulalikira za kuipa kwa nsanje. Amangotumiza kambalame kotsatira wakupha mbale wake, koimba osaleka, ndipo mantha a Gwenembe amatigwira ifenso. Pambuyo pake kunabwera a Willie Zingani, a Jolly Max Ntaba ndi a Whyghtone Kamthunzi, m'zaka zimene Popular Publications ya ku Limbe inkatulutsa timabuku tokwana m'thumba. Timabukuto tinkabwerekanidwa mpaka chikuto kuthothoka, osati chifukwa cha mayeso, koma poti wowerenga ankafuna kudziwa chichitike n'chiyani patsamba lotsatira.

Pali chinanso chimene ana aja anataya: pakamwa pawo. Kunja kwa kalasi amayankhula Chichewa chothamanga, chothira mawu a Chilhomwe cha agogo awo ndi a pamsika. Akagwira bolopeni, aliyense m'nkhanimo, ngakhale wogulitsa makaka, amayankhula ngati akuwerenga nkhani za pa wailesi. Wofotokoza nkhani atsate malamulo a kalembedwe, inde, koma apangankhani asiyeni ayankhule monga amayankhulira anthu. Mwana sanena "iwe" kwa agogo ake, ndipo agogo akapsa mtima samaliza ziganizo.

Ife olemba ndemanga tili ndi mlandu wathu. Kawirikawiri timangobwereza nkhani yonse mwachidule, n'kuyamika wolemba kuti waphunzitsa achinyamata khalidwe, basi. Ndemanga yothandiza ndi imene imaloza malo: apa zokambirana zauma, apa imfa yabwera chifukwa wolemba watopa, apa pokha ndi pamene ndinamva fungo la utsi. Wolemba wachinyamata akauzidwa zotere amabwerera kukakonza. Munthu wa kuno amadziwa kuti kalongonda saphika mothamanga. Amafuna kuwiritsa nthawi yaitali ndi kutaya madzi, apo ayi amaledzeretsa. Madzi oyamba kutaya pa nkhani za ana athu ndi ulaliki wa kumapeto uja.

Aphunzitsi a Chichewa a ku Phalombe, teremu ikubwerayi yesani chinthu chimodzi. Uzani ana alembe nkhani ya mtsikana yemwe uja, koma muwaletse kumupha ndiponso muwaletse kulangiza. Ayambire m'mawa umene wabwerera kusukulu, mwana atamusiya ndi amayi ake, yunifolomu itamuthina, anzake akumuyang'ana pamene akufunafuna pokhala. Mukatero mudzanditumizire muluwo, ndidzauwerenga wonse.