Kadontho ka Magazi a Udzudzu

Udzudzu uli ndi magazi akeake, kupatula aja umatiyamwa usiku. Ndi timadzi tosafiira, toyenda momasuka m'thupi lonse, ndipo asayansi amati hemolymph. Mu udzudzu umodzi timadziti sitifika ngakhale microlitre imodzi. Koma m'menemo ndi momwe muli mapuloteni olimbana ndi tizilombo ta malungo, ndipo wofuna kudziwa chifukwa chake udzudzu wina umafalitsa matenda kuposa unzake ayenera kutunga timadziti ndi manja ake.

Kutungako ndiko kumandigometsa. Udzudzu amaugoneka kaye pa ayezi kuti uzizidwe, uleke kuphupha. Akuyang'ana pa maikulosikopu, katswiri amadula nsonga ya kamlomo kake kolumira, n'kufinya pachifuwa pang'onopang'ono ndi kopanira kachitsulo. Kadontho kamatulukira podulidwa paja. Akafinya kwambiri, zam'mimba zimasakanikirana ndi magaziwo, ntchito yaonongeka. Akazengereza, kadonthoko kamauma kapena kuda, pakuti magazi a udzudzu sachedwa kuda akakhala pamtunda. Ndiye amakatola msangamsanga n'kukathira m'mankhwala oti mapuloteni asasinthe, n'kutenga udzudzu wina, winanso, mpaka timadontho takwana. Udzudzu wonsewo uyenera kukhala wa msinkhu umodzi ndi wodya zofanana, chifukwa ukangoyamwa magazi kapena kudwala, mapuloteni ake amasintha kuchuluka. Wosasamala apa akhoza kulengeza kuti mitundu iwiri ndi yosiyana pomwe kusiyana kwake kunali chakudya cha dzulo chabe.

Zotungidwazo amaziika m'timaenje ta pamwamba pa gel, chinthu chonga phala louma koma choonekera mkati, n'kulumikiza magetsi. Mapuloteni ang'onoang'ono amatsika mofulumira, akuluakulu amatsalira m'mbuyo. Pomaliza amathirapo mankhwala ogwira puloteni imodzi yokha, ndipo pamatuluka timizere.

Puloteni yomwe yafufuzidwa kwambiri mwanjira imeneyi ndi TEP1. Elena Levashina ndi anzake, mogwirizana ndi labotale ya Fotis Kafatos ku Heidelberg, anaifotokoza mu 2001. Pa gel imaoneka pawiri: mzere wa puloteni yathunthu ndi mzere wa chidutswa chake chodulidwa, chomwe chimakamatira pa kachilombo ka malungo kakangoboola khoma la mimba ya udzudzu. Mu 2004, Stéphanie Blandin ndi gulu lomwelo anaonetsa kuti akaitsekereza TEP1, tizilombo ta malungo a mbewa, Plasmodium berghei, timachuluka kangapo m'mimba mwa udzudzu. Anali ndi magulu awiri a Anopheles gambiae oweteredwa mu labotale: G3, wolandira tizilombo mosavuta, ndi L3-5, womwe Frank Collins ndi anzake anausankha mu 1986 chifukwa umapha tizilombo ta malungo n'kutikuta ndi chikhungwa chakuda. Mu 2009 zinadziwika kuti gawo lina la kusiyanako limachokera pa mtundu wa TEP1 womwe udzudzu wabadwa nawo, wina wotchedwa R, wamphamvu, wina S.

Apa ndi pomwe nkhani inatuluka mu labotale kupita kumidzi ya kumadzulo kwa Africa. Udzudzu wogwidwa kutchire sungakhale wa msinkhu umodzi, choncho ofufuza anawerenga mtundu wa puloteniyo kuchokera mu DNA. Kumeneko Anopheles gambiae anali m'magulu awiri otchedwa M ndi S (S ameneyu si mtundu wa TEP1 uja). Bradley White ndi Nora Besansky a ku yunivesite ya Notre Dame, pamodzi ndi anzawo, analengeza mu 2011 kuti ku Mali ndi ku Burkina Faso pafupifupi udzudzu wonse wa gulu la M unali ndi mtundu umodzi wa R, pomwe wa gulu la S, wouluka m'midzi yomweyo, kwenikweni unalibe. Ku Cameroon, gulu la M lomwelo linalibe mtunduwo. Maso sangasiyanitse magulu awiriwa, ngakhale a katswiri wa zaka zambiri. Gulu la M, lomwe limakonda kuswana m'madzi okhalitsa monga m'minda ya mpunga, linapatsidwa dzina lakelake mu 2013: Anopheles coluzzii, polemekeza Mario Coluzzi wa ku Rome.

Chimene ndimachilemekeza kwambiri n'chakuti anthu a ntchitoyi sanathamangire kunena kuti apeza udzudzu wosafalitsa malungo. Ku Mali malungo akadalipo, ndipo Anopheles coluzzii ndi mmodzi mwa owafalitsa kwambiri. Mu 2013, Alvaro Molina-Cruz ndi Carolina Barillas-Mury a ku NIH ku America anapeza chimodzi mwa zifukwa zake: Plasmodium falciparum, kachilombo komwe kamapha anthu ambiri mu Africa, kali ndi puloteni yakeyake, Pfs47, yokabisa kuti chitetezo cha udzudzu chisakaone.