Ulemu kwa eni tuntemba a ku Chunga

Ku Chunga, kufupi ndi Matero, mabanja ambiri amagona atadya chifukwa cha kantemba. Ndi kanyumba ka malata kapena matabwa chabe, koma mwini wake ali ndi luso limene masitolo a ku Manda Hill alibe: amagawa katundu molingana ndi ndalama imene munthu wagwira m'manja. Thumba la ufa la makilogalamu 25 amalitsanulira m'timapepala totchedwa pamela, mafuta ophikira amayeza ndi kabotolo, shuga ndi mchere amamanga pang'onopang'ono, kuti mayi amene wapeza zochepa lero asagoneke ana ndi njala.

Ntchitoyi si yamasewera. Kusanache amakhala ali kale m'minibasi kukapikula ku Soweto Market kapena ku Kamwala, ndipo phindu lake limabwera m'tingwee. Chimene ine ndimachilemekeza koposa ndi kabuku kake ka ngongole. Amadziwa amene amalandira kumapeto kwa mwezi, amene ntchito yamuthera, ndi nyumba imene mwagwa maliro, ndipo amakongoza popanda chikole. Ndi banki iti ingatero?

Ndalama zopita kumudzi, zimene kale ankakatumizira ku positi ofesi ya Zampost, lero zimadutsa pa kabokosi ka Airtel Money kapena MTN pambali pa kantemba pomwepo. Madzulo abambo amasonkhana ku bawa pa Chibuku.

Inu amene dzina lanu lili m'kabuku kaja, mwezi ukatha yambirani kulipira kumeneko musanapite ku bawa.