Ndakatulo zodzudzula ana a pafoni zatikwana

Anzanga a m'gulu lino, sabata ino mundikhululukire chifukwa ndiponda pachilonda. Miyezi yapitayi ndakhala ndikuwerenga ndakatulo zomwe timaponya muno, ndipo zambiri nkhani yake ndi imodzimodzi: achinyamata awonongeka ndi foni. Mtsikana sadziwa kuphika nsima, mnyamata sapereka moni, onse angoti zyoli, maso pagalasi. Ndime yomaliza imalira kuti mwambo wathu wapita kuti. Ife timathamangira kulemba m'munsi kuti "zoona zimenezo, alakatuli." Koma ine ndikuti zambiri mwa ndakatulo zimenezi n'zofooka. Vuto lilipo ndithu, sindikukana. Kungoti olembawo mwana amene akumudzudzulayo sadamuyang'ane n'komwe.

Ine ndimagulitsa mbatatesi ndi nyemba pamsika wa Mayani kuno ku Dedza. Ndili m'zaka za m'ma 30, monga ambiri a inu. Ife intaneti tidaidziwira pafoni ya mabatani, Facebook ya pa Opera Mini, zithunzi titatseka kuti mayunitsi asathe msanga. Nyimbo tinkakalowetsa pamemole kadi kwa anyamata a makompyuta, n'kumazisunga ngati mbewu. Mpaka lero kwa ife intaneti ili ngati nkhokwe: umakatapa chomwe ukufuna, n'kutseka.

Mwana wa achemwali anga ali ndi zaka 17, ndipo amandithandiza pabenchi sukulu akatsekera. Iye Facebook amati ndi ya azimayi ake, kwawo ndi ku TikTok. Tsiku lina kulibe ogula ndidamupatsa foni kuti awerenge ndakatulo ina ya muno. Adawerenga mizere itatu n'kundibwezera. "Amayi aang'ono, ameneyu akunena ndani? Ine nsima ndimaphika, inu mumadya." Ndidaseka, koma mawuwo adandilasa. Mwana yemweyu ndi amene amajambula matumba a mbatatesi n'kuika pa status ya WhatsApp, ogula a ku Lilongwe n'kumaimba foni. Ndi yemweyu amene adandiletsa kubweza ndalama tsiku lomwe munthu wina adatumiza uthenga wabodza kuti walakwitsa nambala potumiza pa Mpamba. Bandulo yake amaiwerengera ngati mchere wa kumapeto kwa mwezi. Tandiuzeni, mwana ameneyu ali pati m'ndakatulo zathu? Mulibe. Muli chidole chomwe tidaumba tokha kuti tizichikalipira.

Ena mudzati kulangiza ndiyo ntchito ya mlembi kuyambira kale. Eya. A John Gwengwe adalemba Kukula ndi Mwambo, a Ezra Chadza adalemba Ntchito za Pakamwa, ndipo malangizo ali tho. Koma akuluakulu amenewo ankaudziwa mudzi womwe ankaulemba, chinthu chilichonse ankachitchula ndi dzina lake. Ife tatola ndodo yawo, maso awo tawasiya. N'chifukwa chake ndakatulo zathu zikufanana ngati tomato wa m'dengu limodzi. Mukachotsa mawu oti "foni" n'kuikapo "kanema" kapena "disiko", ndakatuloyo siisintha, ikhala yomwe makolo ankatidzudzula nayo ifeyo. Ndakatulo yotere sidaone kanthu.

Komanso mlandu woti ana ataya zakale suli choncho kwenikweni. Kumbukirani za agogo Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu, obadwa mu 1930. Mu 2020 Patience Namadingo adakhala nawo pansi n'kuimba nawo nyimbo zawo zakale. Kenaka kachidutswa ka Linny Hoo kadalowa pa TikTok, ndipo pofika kumayambiriro kwa 2022 kadali kataonedwa ndi anthu mamiliyoni ambiri m'maiko akutali, eni ake alibe ndi foni ya intaneti yomwe. Adainyamula nyimboyo ndani? Si ife a nkhokwe ayi. Ife tidali nayo m'mamemole kadi athu zaka zonsezi, sidatuluke pakhomo. Adainyamula ndi ana omwe timati alibe mwambowa. Tidazolowera kunena kuti tsobola wakale sawawa, koma ana amenewa adaonetsa kuti ukamusinja mwatsopano amawawabe.

Tsono musati ndikuwaikira kumbuyo pa zonse. Ali nacho chilema chawo, ndipo n'chachikulu, kungoti alakatuli athu sakuchiona. Ana awa amadula. Nyimbo amangotengapo pokoma, masekondi ochepa, zina zonse n'kutaya. Ambiri adavina Linny Hoo osaimva yonse. Choipitsitsa, amachotsa dzina. Ndakatulo ina yomwe ndidaiona koyamba muno idandipezanso pagulu la WhatsApp la amalonda, mutu ulipo, dzina la mwini palibe. Nditadandaula, mwana uja adati, "Nanga vuto n'chiyani? Si yafika kwa anthu?" Apa m'pamene tasiyanirana. Ife timafunsa kuti walemba ndani, iwo amafunsa kuti yafika pati. Ine ngati wamalonda ndikudziwa kuti thumba lopanda dzina likakwera lole, phindu amadya ndi wina. Mlakatuli amene dzina lake lachotsedwa sadzaitanidwa paukwati kapena pamsonkhano kuti akalakatule, sadzagulitsa buku, ndipo tsiku lina adzangosiya kulemba. Nkhani yoti tiilembe ndi imeneyi, ili ndi mnofu, osati ya nsima ija.

Ndiye pempho langa ndi ili. Inu amene mukukonza ndakatulo ina yodzudzula foni, dikirani kaye. Khalani pansi ndi mwana wanu, mng'ono wanu kapena mdzukulu, mumupemphe akuonetseni zomwe amaonera, zomwe zimamuseketsa, zomwe amaopa, ndi komwe ndalama ya bandulo amaipeza. Mukatero kalembeni. Mwina mudzadzudzulabe, koma mudzakhala mukudzudzula munthu weniweni, ndipo iye adzawerenga mpaka mzere womaliza chifukwa adzadziona. Inunso achinyamata amene muli muno, ndikudziwa mulipo ngakhale simuyankha, mukatenga ndakatulo muno muzitenga ndi dzina la mwini. Ndipo m'munsimu mutiuze: ndi ndakatulo iti ya muno yomwe mudaiwerengapo mpaka kumapeto, ndipo idakugwirani ndi chiyani? Ine ndikhala ndikuwerenga madzulo, ndikaweruka kumsika.